Dzina la a Zuze Linafafanizidwa Ine Ndikuona

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinachotsetsa munthu ntchito. Mayi ankagwira m'ofesi ya pa esiteti ya nzimbe kwathu ku Chikwawa, chakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi. Ankalowetsa m'kompyuta mayina a odula nzimbe oti apitirize chaka chotsatira. Dzina likasowa m'makinamo, mwiniwake ankatuluka ntchito ndi nyumba yomwe.

Tsiku limenelo dzuwa linali lowamba. Nditawapititsira mayi chakudya, ndinawapeza akufananiza ndi kaundula pepala la mayina lolembedwa ndi pensulo la a Jeke, kapitawo wamwano amene ankatulutsira dala khadi ya chipani pathumba la malaya. Mayi anasaina pansi, n'kundigwiritsa pepalalo kuti akasambe m'manja.

A Jeke anasuzumira pawindo. "Iwe, bweretsa pepala langalo. Kapena nawenso ukuderera boma?"

Ndinapereka. Anafafaniza dzina la a Zuze, oyandikana nafe nyumba, n'kulembapo la mlamu wa iwo eni. Ndinaona zonse, koma mantha ananditseka pakamwa. Mayi atabwera analowetsa mayinawo osawerenganso, poti anali atawaona kale.

Sabata isanathe, banja la a Zuze linali kukweza mphasa ndi miphika pangolo kubwerera ku Nsanje. Akazi awo anaima pakhomo pathu n'kulavula pansi. "Anakupatsani chiyani, amayi inu?" Mayi anangolowa m'nyumba. Siginecha inali yawo, ndipo kuloza chala munthu wachipani kunali kudziitanira ndende.

Ndinaulula ngolo itapita. Sanandimenye, ngakhale ndinkalakalaka atatero. Anangoti, "Wolakwa ndine. Pepala la mwini ndi la mwini, alisintha pamene wafunira. Ndikanakopera kaye langa."

Lero ndimalemba mapulogalamu a m'kati mwenimweni mwa kompyuta, gawo limene limalamulira makina onse. Pulogalamu ya munthu wina, yakunja kwa gawolo, ikabweretsa uthenga, ndimayamba ndaona ngati ukuchokeradi pamalo ake ndiponso ngati ungakwane, kenako ndimaukopera m'katimo kamodzi kokha. Zimene ndimafufuza ndi kugwiritsa ntchito ndi zokoperazo basi, kwa mwiniyo sindibwererako. Anyamata a kuntchito amandiseka kuti ndimakayikira ngakhale nsapato zanga. Azisekabe. Ine ndinamvetsa kuti chinthu chimene mwiniwake angachigwirenso sunachifufuze, ngakhale utachiwerenga kakhumi.

A Jeke ndimadana nawo mpaka lero, ndipo sindipepesa. Koma a Zuze anamwalira ku Nsanje akukhulupirira kuti mayi anga ndi amene anawagulitsa, ndipo ine sindinapiteko kukawauza zoona.