Mafirizesi Ofiira M'thanki ya Amalume

Nsomba za amalume sizinafe ndi kutentha. Ndinazipha ndine.

Ankaziweta m'thanki yagalasi pabalaza, kwathu ku Matawale. Tsiku lina mu Okutobala, popita kuntchito, anandiuza kuti dzuwa likakula ndiikemo botolo la madzi oundana.

Ine ndinaikamo mafirizesi ofiira amene akazi awo amagulitsa, n'kuwaboola dala ndi foloko. Ndinkangofuna kuona nsomba zikusambira m'madzi ofiira. Zinasambiradi, kenako zinatembenuza mimba. Ndinasintha madziwo msangamsanga.

Madzulo amalume anazivuula imodziimodzi ndi sefa ya tiyi.

"Botolo lija unaikamo, Chisomo?"

"Ndinaikamo, amalume."

"Basi, ndi dzuwa limeneli. Usadziimbe mlandu, mwanawe."

Anandisisita pamutu, ine n'kulira zenizeni. Koma ndisaname: nsombazo zisanatembenuke, thanki ija inakongola kuposa masiku onse.