Utomoni wa Fodya M'manja

Dzulo ndinagwira tsamba laliwisi la fodya, zala n'kuyamba kumata. Fungo lakelo linandibwezera ku Chiputo, ndili ndi zaka khumi.

Anthu ampingo ongodzipereka anabwera pa kamiyau, galimoto yaikulu ya katundu, ndi makomputadori asanu oti ana tiphunzirirepo kuwerenga. Anati akhala patchalitchi pathu tsiku limodzi lokha, kuopa kuti mvula ingawatsekere njira. Ine ndinathamangira kutchalitchiko kuchokera kumunda, kumene ndinkathyola mphukira za fodya.

Pakhomo panaima mayi wina wa alendowo, akuyang'ana manja a mwana aliyense. "Kasambe kaye, mwananga, ungadetse galasi."

Sabau, sopo amene anabwera naye, anali atatha, ndipo utomoni wa fodya suchoka ndi madzi okha. Kumtsinje ndinakhula manja ndi mchenga, kenako ndi mwala, ndikulira.

Pobwerera, kumwamba kunali kutada ndipo abambo awiri ankalongedza makomputadori m'makatoni. Imodzi yokha inkawalabe pabenchi. Utomoni unali utachoka, koma zala zinkachucha magazi. Ndinawapukutira kumbuyo kwa kabudula, n'kutambasula manja.

"Ayera, amayi. Chonde taonani, ayera."

Pachala chamkombaphala dontho lofiira linayambanso kukula.