Mkamwini pa Chipata cha Dedza

Mkazi wanga. Mwana amene adali m'mimba mwake, wa miyezi isanu ndi itatu. Nyumba ya zipinda ziwiri imene njerwa zake ndidaumba ndekha, kumudzi kwawo ku Mphunzi. Dimba la mbatatesi kumunsi kwa phiri. Malo anga pa benchi lachitatu m'tchalitchi. Munthu womuimbira foni ndikafika kumene ndikupita.

Zonsezi zidapita m'mwezi umodzi. Mwana wathu woyamba, wamkazi, amene panthawiyo adali ndi zaka ziwiri ndi theka, sindidamulembe pamwambapa chifukwa ali moyo. Koma kwa chaka chathunthu ndinkamuwerengera pomwepo.

Ndidali mkamwini. Kwathu n'kwa Kaphuka, koma mayi adamwalira ndili ku koleji, ndipo minda idatsala m'manja mwa alongo anga. Ndidaphunzira zaulimi, ntchito osaipeza, kenako ndidakwatira n'kukakhala kwawo kwa mkazi. Iyeyo ndiye adayambitsa nkhani ya laisensi ya magalimoto akuluakulu. Ankati munthu wodziwa kuwerenga mapepala a Chingerezi sangasowe pokhala pa chiwongolero. Tsiku limene ndinkayesedwa ku Lilongwe ndi lomwe iye adakomoka pakhomo. Pofika naye kuchipatala ku boma, zinthu zidali zitaipa kale. Mayesowo ndidakhoza. Foni ndidaiyatsa nditatuluka panja.

Patapita masabata angapo titameta maliro, amalume ake a mkazi wanga adandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Adayankhula mofatsa. Adati ndidakali mnyamata, sangandimange; akundisudzula, ndine womasuka kukayamba moyo wina. Ndidafunsa za mwana.

"Mwana ali pakwawo," adatero. "Agogo ake alipo."

Apongozi anga aakazi adali chapatali pamphasa, nkhope atalozetsa kwina, monga ankachitira nthawi zonse ine ndikakhalapo. Zaka zinayi ndidakhala pamudzipo, koma sitidayankhulanepo maso ndi maso. Mawu athu ankadzera mwa mkazi wanga. Iwo akafuna kuti ndifolere khitchini, ankauza iye. Ine ndikafuna kuthokoza, ndinkauza iye. Tsopano wodutsitsa mawuyo padalibe. Ine ndidamva kuti ntchito ya mkamwini yatha. M'mawa mwake ndidanyamula chikwama chimodzi, mwana akadali m'tulo, ndidachoka.

Kampani ina ya ku Lilongwe idandilemba ntchito. Tinkanyamula soya kupita naye kudoko la Beira, kudzera pachipata cha Dedza ndi ku Tete, ndipo pobwera tinkatenga feteleza. Miyezi itatu yoyamba adandiika m'galimoto ya dalaivala wina wamkulu, bambo wa imvi wa ku Ntcheu. Ine ndinkawatchula achikulire. Iwo ataona mapepala anga adandipatsa dzina lakuti bwana koleji, ndipo silidachoke.

"Bwana koleji, giya si mayeso. Musamuganizire, mumveni."

Adandiphunzitsa kumenya matayala ndi chitsulo n'kumvetsera: lokhuta limalira mouma, lophwa limayankha ngati dzungu. Adandiphunzitsa kukoka malamba a tenti mpaka manja kuchita matuza, ndi kutsika mtsetse ndi giya wamng'ono m'malo mowotcha mabuleki. Tsiku lachiwiri, tikutuluka mu Lilongwe, adandifunsa funso limene aliyense pamsewu amafunsa.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Dedza."

"Dedza ndi wamkulu. Pati?"

"Cha kumapiriko."

"Ndiye tiimapo. Galimoto yodutsa kwawo kwa dalaivala osapuma imadwala matayala."

"Kulibe munthu, achikulire."

Adandiyang'ana pang'ono, n'kubwezera maso kumsewu. Sadafunsenso.

Kumbuyo kwa mipando kuli kabedi kopapatiza, kotalika ndendende ngati ine. Pamenepo ndi pamene pakhala pogona panga. Achikulire ankagona pamenepo ndipo ine ndinkadzipinda pamipando, mpaka pamene adandipatsa galimoto yangayanga. Kuzolowera kabediko sikudavute. Chimene chidandivuta ndi mphindi khumi zoyamba tikangoima. Madalaivala ali ndi mwambo wawo: akazimitsa injini, aliyense amatsika foni ili kukhutu, n'kumayenda chauko. Umangomva, "Ndafika pa Tete, amayi," "Ana adya?" "Mbuzi ija yapezeka?" Ine ndinkatenga chitsulo changa n'kuyambanso kuzungulira galimoto, tayala ndi tayala, ngakhale ndidali nditawamenya kale.

"Matayalawo muwapha ndi chikondi, bwana koleji," achikulire ankatero.

Nditayamba kuyenda ndekha, pankatha tsiku lonse osatsegula pakamwa kupatula poyankha apolisi. Kutentha kwa ku Tete kumazunza munthu wobadwira kumapiri. Ndinkanyowetsa thaulo n'kuliika pakhosi, pakatha theka la ola lauma gwa. Ku Beira tinkadikira katundu masiku anayi, nthawi zina sabata. Lamulungu lina ndidalowa m'tchalitchi chapafupi ndi doko. Misa idali m'Chipwitikizi, koma ndinkadziwa pogwada ndi poimirira. Pofika popatsana moni wa mtendere ndidatembenukira kumanzere, kumene kunkakhala mkazi wanga, ndidapeza chipilala.

Pamsika wa ku Tete ndidagula nsapato za mwana, zofiira, muyeso wongoganizira. Ndidaziika pansi pa matiresi. Patapita miyezi inayi ndidazitulutsa, ndidaona kuti zikhala zitamuchepera, ndidagula zina. Kenako zinanso. Mapeya atatu ankayenda nane kupita ku Beira ndi kubwera. Ulendo uliwonse ndinkadutsa pamphambano pamene msewu wafumbi wopita ku Mphunzi umachokera pa tala. Pamenepo pamakhala amayi ndi ndowa za mbatatesi, ndipo ndinkadziwa mtundu wa mbatatesi iliyonse pongoiona khungu. Phazi silinkachoka pa mafuta. Ndinkadziuza kuti munthu wosudzulidwa sabwerera kukasokoneza pakhomo pa eni ake.

Mu Juni chaka chotsatira, ndikuchokera ku Beira, ndidaima pachipata cha Dedza chifukwa mwini katundu adali asanatumize pepala lina. Kudali chisanu chathu chija cholowa m'mafupa, nkhungu itaphimba phiri mpaka pakati. Ndidagona pamenepo. M'mawa mwake, ndikutsuka kapu pambali pa galimoto, ndidamva mawu kumbuyo kwanga.

"Alamu! Ndinu kapena ndi mzukwa wanu?"

Adali mng'ono wake wa mkazi wanga, ndowa ya mbatatesi ili pamutu. Kuyambira kale ine ndi iye tinkanyozana mwachilamu.

"Ndine, alamu."

"Mwanenepa ndevu zokha. Kumudzi timati mudakwatira Mpwitikizi, mwina awiri."

"Ayi. Kumudzi kuli bwanji?"

"Kuli chisanu."

"Nanga mwana?"

"Mwana uti? Muli ndi mwana inu?"

Ndidayang'ana m'kapu. Kenako ndidati, "Paja mudandisudzula."

Adatula ndowa ija pansi, n'kugwira m'chiuno.

"Inu alamu, sukulu yonse ija? Amalume adakusudzulani ukwati, kuti mukapeza mkazi wina musaope akulu anga. Ubambo amasudzula ndani? Mudamvapo kuti?"

"Palibe adandiuza kuti ndizibwera."

"Akuuzeni ndani? Mayi? Ayambe lero kucheza ndi mkamwini? Iwo akudikira kuti mufunse, inu mukudikira kuti akuitaneni, mwana akukula ngati bowa wopanda mwini. Nyumba yanu ija alongo anga adafuna kusungiramo mbewu, mayi adakana. Amaisesa Loweruka lililonse. Majombo anu adakali kuseri kwa chitseko, akangaude achita lendi."

Ndidatsanulira pansi madzi a m'kapu.

Achikulire adali pamzere womwewo, magalimoto atatu kumbuyo kwanga. Adali atamva zonse, pakuti alamu anga sadziwa kunong'ona. Adabwera akutafuna chimanga chowotcha.

"Bwana koleji, paja mudati kulibe munthu?"

"Ndimaganiza choncho."

"Kuganizako ndiye matenda anu. Pepala lanu silibwera dzuwa lisanapendeke. Bweretsani makiyi. Galimoto ikathawa ndiithamangitsa ndi yangayi."

Ndidatulutsa nsapato zija pansi pa matiresi, ndidakwera njinga yamoto ya kabaza. Ulendo umene ndidaulephera chaka chonse udatenga ola limodzi lokha.

Ndidapeza apongozi anga akusankha nyemba pakhonde. Atandiona adaimirira, n'kusuntha mphasa yawo kupita nayo pansi pa mtengo wa pichesi, n'kukhala cham'mbali monga kale. Ine ndidanjuta patali ndithu, ndidawomba m'manja. Kumbuyo kwawo kudasuzumira kamutu ka mwana wanga. Adali atatalika, tsitsi atalimeta, ndipo chipumi chidali cha mayi ake. Adandiyang'ana monga amayang'anira ogula mbatatesi obwera ndi malole, n'kubisala kuseri kwa chitenje cha agogo ake.

Kenako apongozi adayankhula, osati kwa ine, koma kwa mwanayo.

"Pita ukawauze abambo ako kuti nyumba yawo n'njosakhoma."

Mwana adayenda mpaka pakati pa bwalo, adaima, chala chili m'kamwa. Adauza nthaka: "Akuti n'njosakhoma."

Ndidati, "Ukawauze agogo kuti ndidalakwa kuchoka osatsanzika. Ndidamva molakwika. Uwauze kuti ndathokoza pokusunga."

Adathamanga kubwerera. "Akuti zikomo."

Apongozi adagwedeza mutu, n'kupitiriza kusankha nyemba. Ndidaona kuti nyemba zabwino akuziponya kumodzi ndi zofumbwa.

Nsapato zofiira zija zidamuchepera mwana, zachiwiri nazonso. Zachitatu zidamukwana, koma sadalole kuti ndimuveke ine. Adapita nazo kwa agogo ake. Atavala adayenda pabwalo akukweza mapazi ngati nkhuku pamatope. Tsiku limenelo sadanditchule bambo, ndipo sadandikhudze. Kumanda sindidapite, pakuti sikupitidwa munthu usanapemphe. Ndidalowa m'nyumba mwanga, ndidapeza majombo kuseri kwa chitseko, pansi posesedwa bwino, bedi lopanda zofunda. Ndidakhala pamenepo mphindi zochepa. Nthawi itakwana ndidatsanzika kudzera mwa mwana yemweyo, ndidakwera njinga, ndipo pofika madzulo ndidali pa chiwongolero kulowera ku Lilongwe.

Sindinganene kuti zinthu zasintha kwambiri. Pa mwezi, masiku makumi awiri ndi asanu ndimagonabe pakabedi kaja. Ndikafika pamudzi, mwana amayamba wabisala kaye, kenako n'kumayandikira pang'onopang'ono, ndipo akamazolowera ndi pamene ine ndikunyamuka. Ndikazimitsa injini ku Tete ndimaimba foni ya alamu anga. Iwo amayamba andinyoza kaye, kenako amapatsira mwana. Nthawi zambiri mwanayo sayankhula. Ndimangomva kupuma kwake, ndi tambala akulira chapatali. Ndimaima pambali pa galimoto n'kumamvetsera mpaka iye atatopa n'kubweza foni.

Pali mawu amene chaka chonse chija ndinkakana kuwakumbukira, chifukwa ndinkawaona ngati lonjezo limene silidasungike. Adandibwerera tsiku lija ndili chiimire pakhomo la nyumba yanga, mwana akuyesa nsapato pabwalo. M'mawa umene ndinkapita kukayesedwa ku Lilongwe, mkazi wanga adali pakhomo lomwelo, atatambalala chifukwa cha mimba, akusankha mbewu ya mbatatesi, mwana atatsamira mwendo wake. Ine ndidali nditachedwa, ndikumanga zingwe za nsapato mothamanga. Adali atatu pamenepo. Iye sadadzutse n'komwe mutu.

"Musathamange," adatero. "Mutipeza."