Baji ya a Herbert mu Lunyangwa

A Fyson Longwe anafika ku Mzuzu kuchokera ku Nkhata Bay tauni isanakhale tauni. Kunali nkhungu, matope ndi mitengo ya tangi yopangira mafuta basi, iwo n'kumagwira ntchito pa esiteti. Za tangi zitatha anzawo anabwerera kwawo. Iwo ayi. Anamanga kanyumba ku Salisbury Lines, m'dambo momwe achule amakuimbira pakhomo penipeni, n'kuyamba ntchito yobereka anthu.

Eetu, kubereka! Mvula ikagwa, mtsinje wa Lunyangwa unkakokolola kamlatho kamitengo, ndiye wofuna kufika m'tauni nsapato zili zouma ankakwera pamsana pa a Fyson. Makalaliki, anamwino, amayi a tomato, onse. Ali m'madzimo ankangoti, "Khalani phee adada, musandikumbatire khosi, sindine akazi anu."

Tsiku lina kunabwera a Herbert, tcheyamani wa chipani m'deralo, mimba patsogolo, baji ya nkhope ya mtsogoleri ili ngwee pachifuwa.

"Iwe Fyson, undiwolotse bwino. Ndikupita kumsonkhano."

"Yewo, abwana. Kwerani."

Pakati pa mtsinje a Fyson anaponda mwala woterera. Kugwa sanagwe, anangopendama, koma a Herbert pokakamira anakhula chifuwa pamutu pawo, baji n'kuthothoka, chubwi!

A Fyson thupi lonse zii. Masiku amenewo kumiza nkhope ija m'matope? Anthu ankatengedwa osabwerera pa nkhani zochepa kuposa imeneyo. Anawatsitsa a Herbert kutsidya n'kulumphiranso m'madzi, kufufuza ndi manja ndi mapazi omwe. Anavuula nkhanu, kenako chitsekerero cha botolo.

"Pepani chomene, abwana, ndiipeza!"

Koma a Herbert nawo thukuta kamukamu, m'kuzizira kwa ku Mzuzu konseko. Nanga akakanena kuti baji yamira, ayamba kufunsidwa ndani, wobereka kapena wovala? Anacheuka uku ndi uku.

"Tuluka m'madzimo, anthu angaone!" ananong'ona. "Tamvera. Ine lero sunandibereke. Ndadzera kumsewu, baji ndaiwala pa jekete lina. Wamva?"

"Nanga amene anali pamsana pangayu ndani, abwana?"

"Thumba la chimanga!"

"Lolemera ndithu, abwana."

A Herbert anakwera kamtunda chothamanga, ataphimba pachifuwa ndi chipewa. A Fyson anakhala pansi pa udzu n'kuseka mpaka kutsokomola. Akazi awo a Dinah atafunsa madzulo kuti ntchito yayenda bwanji, anangoti, "Lero kunali chimanga chokhachokha, amama. Tayikani madzi pamoto, ndazizidwa."