Maganizo a Mayi Wotaipa

Mayi wotaipa analowa ntchito pakoleji ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, nthawi imene makina otaipira ankaliza belu akafika kumapeto kwa mzere. Anawapatsa tebulo pakati pa chitseko cha Bwana Mkulu ndi kabati ya mafailo, ndipo mpaka lero tebulolo silinasunthepo. Mabwana asanu ndi mmodzi adutsa pachitseko chimenecho, aliyense kubwera ndi masomphenya, kuchoka ndi makatani a muofesi. Mayiwo anatsala ngati msomali wopachikapo kalendala.

Papepala ntchito yawo inali kutaipa. Ntchito yeniyeni inali kuveka anthu ophunzira kuti asaoneke maliseche. Bwana akalemba pamanja kuti "Ndinu aulesi nonse," kalata inkatuluka ikunena kuti "Tikukumbutsana za nthawi yoyambira ntchito." Akaiwala tsiku, mayi ankaikapo. Akatchula ndime ya lamulo imene inafa kalekale, mayi ankaikapo yamoyo. Bwana ankasaina osawerenga, n'kumakadzitama kumisonkhano kuti cholembera chawo n'chaulemu. Malemu amuna awo, amene anali telala, ankakonda kunena kuti, "Iwe ndi ine ntchito yathu ndi imodzi, kusokerera anthu zigamba. Kungoti anga amathokoza."

Kunatsala zaka zitatu kuti apume pantchito monga mwa lamulo. Zaka zimenezo ankazifuna zonse, chifukwa nyumba ya koleji imene ankakhalamo inkayendera limodzi ndi ntchito, ndipo mwana wawo wotsiriza anali asanamalize maphunziro a unamwino.

Ndiye kunabwera mphunzitsi wina amene ophunzira ankamutcha Adokotala Amawa, poti kwa zaka zisanu ndi zinayi udokotala wake unkabwera mawa. Iye ankafufuza za kusinkhasinkha: chimene chimachitika m'mutu mwa munthu akaima kaye pakati polemba. Poyamba anafuna kufufuza aphunzitsi anzake, koma anapeza kuti salemba. Anayesa ophunzira, n'kupeza kuti amalemba ndithu, koma zonse zimachokera m'mutu umodzi wa mtsikana wokhala kutsogolo. Munthu yekhayo wolemba tsiku ndi tsiku pakoleji yonse anapezeka kuti ndi mayi wotaipa.

"Mayi, inu muzingogwira ntchito ngati ine palibe," anatero, akukoka mpando wa alendo. M'manja anali ndi wotchi yoyezera othamanga, yobwereka kwa mphunzitsi wa zamasewera.

"Sizivuta, aphunzitsi. Anthu ambiri muno ndimawatenga choncho."

Zala za mayi zikangoima, wotchi inkayamba. Zikayambanso, iye ankalemba mphindi zake m'kope.

"Pamenepa mwaima mphindi zinayi. Mumasinkhasinkha chiyani?"

"Kompyuta yaima, aphunzitsi. Ndi yakale, imafuna kuinyengerera."

"Koma mumtima mumamva bwanji?"

"Ndimamva kuti yaima."

Iye anagwedeza mutu ngati waululiridwa chinsinsi cha mtundu, n'kulemba mizere isanu ndi umodzi. Mayi anamuyang'ana chammbali. Munthu wovala jekete padzuwa lonseli, anaganiza choncho, woti kalata yake yopempha tchuthi inali ndi zolakwika khumi ndi chimodzi, ndi amene akudzaphunzitsa dziko kalembedwe. Mphunzitsiyo anakhala pampandopo miyezi itatu. Anayeza kuima kwa kompyuta, kudikira inki, kuyetsemula, ndi tsiku lina pamene mayi ankachotsa kamunga m'chala. Zonsezo zinalowa m'kope ngati kusinkhasinkha.

Pakolejipo panali komiti yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu. Komitiyo inalamula kuti zotsatira zilembedwe mwachidule m'chinenero cha wofufuzidwayo, kuti naye amve. Adokotala Amawa anamasulira yekha, n'kutaipa yekha, ati posunga chinsinsi. Pepalalo likanadutsa patebulo la mayi likanavekedwa ngati mapepala ena onse. Koma linatuluka lamaliseche, likunena kuti: "Mayiyu amakhala ndi maganizo maola awiri ndi theka tsiku lililonse." Komiti inapereka kope limodzi kwa mkulu woona za ogwira ntchito, amene aliyense ankamutcha Achidindo. Kwa mwiniwake sinapereke, inaiwala.

Achidindo anawaitanitsa mayi Lachiwiri, n'kuwalandira ndi nkhope ya pamaliro.

"Khalani pansi, mayi. Tamva kuti muli ndi maganizo."

"Alipo amene alibe, bwana?"

"Ife tilibe. Kuno timayendera malamulo." Anatsegula failo. "Maganizo ndi matenda, mayi. Mlamu wanga anayamba chonchi, kungokhala duu, kenaka kumalankhula ndi mawindo. Maola awiri ndi theka, ndipo wayeza ndi munthu wophunzira. Tikupempherani ku likulu kuti mupume msanga, mukasamalike kunyumba."

"Nyumba yake iti, bwana? Ndi ya koleji."

"Zimenezo ndi za ofesi ina."

Mayi anapita kwa Adokotala Amawa kukapempha kuti akafotokoze kuti maganizo a m'pepala lake si a kuchipatala. Anamupeza akumata timapepala tachikasu pakhoma.

"Mayi, zotsatira za kafukufuku sizisinthidwa. Mutu wachinayi wapita kale kwa ondiyang'anira. Komanso musade nkhawa, dzina lanu silikutchulidwa paliponse. Ndinu Wofufuzidwa Woyamba, mayi wotaipa wa pakoleji ina."

"Tilipo angati otaipa pano, aphunzitsi?"

Iye anaganizapo pang'ono, mwina koyamba chaka chimenecho, n'kunena kuti ali ndi kalasi.

Kalata yopita ku likulu anailemba pamanja Bwana Mkulu. Atamaliza anazindikira kuti wotaipa ndi mmodzi yemweyo, choncho anaiika patebulo la mayi mosayang'ana, ngati munthu wosiya mwana pakhomo la eni. Adokotala Amawa anali pampando wake, akumalizitsa sabata yomaliza imene omuyang'anira anamuwonjezera.

Mayi anawerenga. "Tikupempha kuti mayiyu apume chifukwa cha maganizo." Basi. Panalibe mawu akuti "pantchito." Panalibe ndime ya lamulo yopumitsira munthu wodwala, panalibe tsiku. Kalata inali yamaliseche, ndipo zala zawo zinayabwa. Ankadziwa ndimeyo pamtima, ankadziwanso pomwe mawu aja akanakhala bwino. Zaka zonsezi sanalolepo pepala lopunduka kutuluka pamanja pawo, ndipo icho chokha ndicho chinali chawo pakoleji ponsepo. Anayang'ana pawindo, pomwe denga la nyumba yawo linkaonekera kuseri kwa laibulale. Wotchi inali ikuyenda. Inayenda mphindi khumi ndi imodzi.

Kenaka anataipa kalatayo monga mmene inalili, osaonjeza ngakhale kadontho. Bwana anasaina osawerenga. Achidindo anadinda.

Ku likulu nakonso kuli anthu opanda maganizo. Anawerenga zimene zinalembedwa, n'kuyankha kuti pempho lavomerezedwa: mayiyu apume masiku makumi awiri ndi limodzi, akabwereko atatsitsimuka.

Mayi anapumadi. Anachapa makatani, anabzala tomato kuseri kwa nyumba, anakaona mwana wawo kusukulu ya unamwino. M'masabata atatu amenewo Bwana Mkulu ankataipa okha ndi zala ziwiri. Aphunzitsi onse analandira kalata yowauza kuti ndi aulesi, ndipo anaitanitsa msonkhano umene unatha tsiku lathunthu kutsutsa zimenezo, makalasi ali chitsekere. Kalata ina inapita ku likulu ikutchula lamulo lakufa, ndipo likulu linafunsa mwaulemu ngati Bwana Mkulu nawonso akufuna kupuma.

Tsiku lobwerera, mayi anapeza mulu wa mapepala patebulo ndi maluwa apulasitiki m'botolo. Za kupuma msanga palibe anazitchulanso. Failo yake akuti ikufufuzidwa, ndipo failo ikayamba kufufuzidwa pakolejipo ndiye kuti yaikidwa m'manda. Achidindo anasuzumira pakhomo.

"Maganizo aja atha, mayi?"

"Atheratu, bwana. Tsopano tafanana."

Achidindo anapita akumwetulira, atalemba m'failo kuti chithandizo chagwira ntchito.

Chaka chotsatira mawa lija linafika, Adokotala Amawa anakhala Adokotala. Buku lake lolemera ngati njerwa linabwera kwa mayi kuti alikonze kaimidwe ka masamba. Patsamba lothokoza panali komiti, omuyang'anira, mkazi wake, ndi mphunzitsi wa zamasewera chifukwa cha wotchi. Mayi anatsegula mutu wachinayi, momwe munali kuyetsemula kwawo konse m'mizere yowongoka bwino. Pansi pa tsamba lina panali timawu tating'ono: kuima kwa mphindi khumi ndi imodzi kwa sabata yomaliza sikunawerengeredwe, chifukwa n'kwakutali mosakhulupirika, ndipo mwachionekere inali kompyuta itaima.

M'chiganizo chimenecho munali cholakwika chimodzi. Mayi anachiona, n'kuchisiya.