Moto wosawala pamwamba pa khanda langa

Mwana wanga woyamba anabadwa masiku asanakwane, m'nyengo ya mwera. Anali wochepa moti thewera linkamufika m'khwapa. Anamwino anamutengera ku nazale, chipinda cha makanda ofooka, n'kumugoneka pakabedi wosafunda kanthu, pansi pa makina otenthetsa. Anatiuza mosapita m'mbali kuti mwanayo akangozizidwa, kumudzi tibwerera chimanjamanja. Ndinachita mantha kwambiri.

M'makinamo, kuseri kwa mawaya otchinga, munali kanthu koyera, kopindika ngati phale. Sikankawala ngakhale pang'ono, utsinso kunalibe.

Amayi anga anabwera kuchokera ku Golomoti kudzandidikirira, atanyamula zitenje zitatu zatsopano. Iwo ndi woumba mbiya, ndipo sakhulupirira chinthu chimene sanachikhudze. Kwathu khanda timalikulunga mpaka kuonekera mphuno yokha, ndiye kuona mdzukulu wawo ali gone pambalambanda kunawawawa mumtima.

"Makina awo ndi akufa," anandinong'oneza. "Moto wanji wosayaka? Atiphera mwana tikuona."

Kunena zoona, nanenso ndinkaganiza zomwezo, kungoti sukulu inkandichititsa manyazi kuvomera.

Tsiku lina anamwino atangotembenuka, amayi anatulutsa chitenje. Anafuna kuchikoleka pamakinawo kuti chigwere m'mbali, chitchinge mphepo. Anamwino anawagwira dzanja chitenje chili m'malere.

"Ayi, agogo! Nsaluyo ipsa, igwera pamwana. Kutenthaku kumatsika molunjika pakhungu lake ngati dzuwa. Mukatchinga, mwamumana."

"Nanga bwanji chotenthetsacho sichikufiira?" anafunsa amayi.

"Chimenecho ndi dothi lowotcha, agogo. Waya wamagetsi ali m'kati mwake."

Amayi anayang'anitsitsa kanthu koyera kaja. Kenaka anakweza dzanja pang'onopang'ono, monga amachitira akamafukula mbiya paphulusa, n'kulibweza msanga lisanafike pamawaya.

"Dothi," anatero, akuyang'ana ine. "Dothi silionetsa ukali. Mbiya imaoneka yozizira, koma igwire uone."

Sindinganene kuti makinawo anawakonda. Koma kuyambira tsikulo, nthawi iliyonse imene ankaloledwa kulowa, ankasamba m'manja, n'kuika kumbuyo kwa dzanja pafupi ndi mimba ya mwana, kumvetsera ngati dothilo likugwirabe ntchito yake. Mayi wina atafuna kuyanikapo thewera, amayi anamukalipira ngati makinawo anaumba ndi iwo. Zitenje zija zinangokhala zopinda m'chikwama, ndipo ndinkawaona akuzisisita mwakachetechete. Mpaka lero ndimaganizira kuvuta kwake: kukhala ndi nsalu m'manja, mdzukulu ali wosafunda, n'kudziletsa kumufunditsa.

Pamene tinkatuluka m'chipatala, mwera unali utatha, kunja kukutentha kale. Amayi anamukulunga mwanayo zitenje zonse zitatu, mpaka kuonekera mphuno yokha. Muminibasi anthu ankatiseka, wina n'kufunsa ngati tanyamula mwana kapena mtolo wa kaunjika. Ine ndinkangoyang'ana manja a amayi akumangitsa mfundo yomaliza.