Mabuloko a Ba Bornwell Pamadzi a Kanyama

Felistus ndi mwana wachiwiri wa ba Bornwell Zulu, oumba mabuloko ku Kanyama, ndi ba Anna, ogulitsa kapenta pamsika. Ana ake obereka yekha ndi awiri, Chipo ndi Miracle. Enawo amene amamuthamangira mumsewu akukuwa kuti "Ticha! Ticha!" ndi osawerengeka.

Zinayamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankasonkhanitsa tiana ta pa yadi, kutikhazika pa zitini, iye n'kumalemba a, e, i ndi khala pakhoma limene bambo ake anali atangopaka laimu. Anakwapulidwa. M'mawa mwake analemba pachitseko.

Atamaliza giredi 12, ba Bornwell anamupezera ntchito m'shopu ya nsalu ku Kamwala. Felistus anakhalamo milungu itatu basi, n'kukapempha abusa kuti mkati mwa mlungu tchalitchi chizikhala sukulu ya ana aang'ono. M'mawa ankaphunzitsa, masana ali ku koleji kuphunzira uphunzitsi.

"Ninakuphunzitsa kuti uzipukuta mamina ya bana ba bene?" anakalipa bambo ake. "Phazi langa sizaponda pa kasukulu kako."

"Nizapukuta, Tate. Na imwe banakupukutani."

Chaka chake chomaliza ku koleji, mvula ya Febuluwale inamiza Kanyama. A ku koleji anali atanena kuti woyesa adzabwera tsiku lina lililonse kudzaona mmene amaphunzitsira, ndipo akadzapeza mabenchi okhaokha, satifiketi palibe. Koma kuchokera pamsewu kufika pakhomo la tchalitchi madzi anali m'mawondo, ndipo amayi anakana kutumiza ana awo. Ndani angawanene?

Ku Kanyama madzi akadzaza, anthu amandanda mabuloko n'kumadumpha pamwamba pake. Felistus anapita kwa bambo ake kukapempha ngakhale osweka.

"Ivi ni vogulisa, si voseweretsa," anatero ba Bornwell osatukula n'komwe mutu.

Felistus sanapemphenso kawiri. Anavala majombo, anamanga chitenje, n'kuyamba kubereka ana mmodzimmodzi, wina kumsana, wina m'manja. Analipo makumi atatu ndi mmodzi. Njira yake inkadutsa pamaso penipeni pa malo oumbirapo a bambo ake, ndipo ulendo uliwonse ankapereka moni mokweza: "Mwauka bwanji, Tate!" Ana nawo n'kumavomereza, "Mwauka bwanji, ba Khulu!" Anyamata osakaniza simenti ankabisa nkhope kuseka. Felistus anachita zimenezi masiku asanu ndi atatu, msana ukuwawa, zala za kumapazi zitayera ndi madzi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anapeza mabuloko atandandidwa kuyambira pamsewu mpaka pakhomo. Atsopano, osati osweka. Pangodya ya lililonse panali kadzenje ka chala chachikulu, chizindikiro chimene ba Bornwell amadinda simenti isanaume. Buloko lomaliza linalekeza mkono umodzi kuti lifike pakhomo la tchalitchi. Phazi la ba Bornwell silinapondepo ndithu.

Woyesa uja anabwera Lachinayi, anawoloka nsapato zili zouma, napeza ana onse akuimba. Satifiketi ili pakhoma lero, m'galasi.

Ba Bornwell amakana mpaka pano. "Kapena banaba chabe," amatero. Wakuba wanji amene amandanda mabuloko ndi chingwe?

Ba Anna anayesa kunyengerera mwana wawo. "Iwe, pita ukayamike. Ndiye kupepesa kwao kuja."

"Buloko sikamba, Mayo. Babwere bangene, banitane Ticha pamaso pa bana."

Nyengo ya mvula yabwera kawiri chichokereni nthawi imeneyo. Ana amadumpha pa mabuloko a agogo a Chipo akuwerenga mokweza, koma Felistus amayenda pambali pake, m'madzi, ndi majombo ake. Sanapondepo ngakhale limodzi. Kumbuyo kwa kalasi kuli mpando wa munthu wamkulu umene amaupukuta m'mawa uliwonse, ndipo mwana akaukwera amatsitsidwa. Ba Bornwell akudziwa kuti mpandowo ndi wa ndani. Zikomo wawo Felistus wamusunga, adzawapatsa tsiku limene adzakhalepo.